ZA DZIKO LA JAPAN NDI NYENGO ZACE

Ife a kuno ku Utale dzina la Japan tilidziwira pa galimoto. Minibasi zimene tikwera pa Balaka ponka ku Liwonde kapena ku Blantyre, zambiri zinayamba zayenda m'miseu ya Japan zisanaoloke nyanja. Koma za dziko lomwelo ndi eni ace tidziwa pang'ono. M'phunziro la mwezi uno tiyang'ane umo mapiri, nyanja ndi nyengo zinaumbira makhalidwe a anthu a kumeneko, pakuti iwonso alimbana ndi madzi ndi njala monga ife a m'cigwa ca Shire.

Japan ndi dziko la zisumbu, kum'mawa kwa Asia, m'mphepete mwa nyanja yaikuru ya Pacific. Zisumbu zace zazikuru nzinai: Hokkaido, Honshu, Shikoku ndi Kyushu. Pa kukula liposa Malawi katatu. Koma anthu ace aposa 120 miliyoni, pamene ife pa kalembera wa 2018 tinali 17.5 miliyoni. Ndipo pafupifupi magawo atatu mwa magawo anai a dzikolo ndi mapiri. Phiri la Fuji litalika mamita 3,776, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje amene ali 3,002. Malo olimika angopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi. Cifukwa cace anthu apanikizana m'madambo a m'mbali mwa nyanja, ndipo ndiwo zao kuyambira kale ndi nsomba, ndere za m'nyanja ndi soya.

Popeza dzikolo liri kumpoto kwa dziko lapansi, nyengo zao zitembenukana ndi zathu. M'Disembala ndi Januwale, pamene ife tiri pa mpaliro, kwao ndi cisanu coopsa. Mphepo yozizira yocokera ku Siberia ioloka nyanja, nitenga cinyontho, nigunda mapiri a pakati pa Honshu. Pomwepo igwetsa cipale cofewa, ndiwo madzi oundana opepuka ngati thonje, ndipo m'midzi ina ciunjikana mpaka kufika pa tsindwi. Tsidya lina la mapiri omwewo, ku Tokyo, thambo likhala loyera. Ife sitizizwa naco ici, amene timaona mitambo ikukhuthukira pa mapiri a Zomba ndi Ncheu, cimanga cathu cikufota pakati pa milambe. Koma cipale cija sicitayika: pofunda dziko cisungunuka, ndi kuthirira minda ya mpunga ya ku Niigata. Kumapeto kwa Marichi mitengo ya sakura icita maluwa, ndipo m'Epulo ana ayamba caka ca sukulu.

Cinthu cimene cinamanga midzi ya Japan ndi mpunga. Aoka mbande m'Meyi ndi Juni. Mvula yaikuru igwa m'Juni ndi Julayi. Akolola m'Seputembala ndi Okutobala. M'mapiri minda isanjikana ngati makwerero, ndipo madzi a ngalande imodzi atsika kucoka m'munda wa uyu kulowa m'munda wa mnzace. Tsono taganizani. Munthu wa kumtunda akatseka madzi, a kunsi onse agona ndi njala. Mmodzi akaleka kukonza mzere wace, madzi a onse athawa. Mlimi wa cimanga angathe kuyambana ndi mudzi wonse nakololabe, koma wa mpunga iai. Motero anthu a mudzi anazolowera kukumba ngalande tsiku limodzi, kuoka pamodzi, ndi kupangana za madzi asanagwire khasu. Ngakhale tero milandu ya madzi pakati pa mudzi ndi mudzi siinasowe. Kufikira 1873 msonkho wa munda unaperekedwa makamaka ndi mpunga. Luso lao la ngalande linafika ndi kwathu: minda yothirira ya ku Bwanje, ya mahekitala 800, inakonzedwa ndi thandizo la Japan.

Njala ya kwathu idza ndi cirala, monga ya 1949. Ya kwao inkadza kawirikawiri ndi kuzizira: dzuwa likacepa m'miyezi yofunda, mpunga subereka. Njala ya zaka za 1782 mpaka 1788 inapha anthu osawerengeka kumpoto, ndipo pakati pace, mu 1783, phiri la Asama linaphulika ndi kukwirira minda ndi phulusa. Njala ina, ya 1732, inadza ndi tizirombo tooononga mpunga kumadzulo. Koma kumene anthu anali atabzala mbatata anapulumuka ambiri. Poona ici boma linalola mphunzi wina, Aoki Konyo, kuyesa mbatata ku Edo, mudzi umene lero ndi Tokyo, mu 1735, ndipo mbeuyo inawanda. Ife tiyesa mbatata cakudya ca ana. Iwo munthu ameneyo amkumbukira kufikira lero. Ngakhale mu 1993, dziko litalemera kale, kuzizira kunacepetsa mpunga kotero kuti anakagula wina ku Thailand.

Mpunga uli pafupi kuca, ifika nyengo ya anamondwe. Wa mu Seputembala 1959 anakankhira nyanja m'midzi ya ku Nagoya, nafa anthu oposa 5,000. Koma coopsa koposa ciri pansi pa nthaka. Japan ikhala pamene matanthwe akuru a pansi pa dziko akomana ndi kukankhana, ndipo zibvomezi sizitha. Ca pa 1 Seputembala 1923 cinagwedeza Tokyo ndi Yokohama nthawi ya nkhomaliro, moto uli pa mafuwa. Nyumba zinali za matabwa, ndipo anafa oposa 100,000, ocuruka ndi moto. Kuyambira 1960 tsiku limenelo liri la kukumbutsana za ngozi, ndipo m'masukulu ana aphunzira kubisala pansi pa tebulo ndi kuturuka mwa dongosolo.

Pa 11 Marichi 2011 cibvomezi ca pansi pa nyanja cinautsa mafunde amene iwo achula tsunami. Akufa ndi osowa anaposa 18,000. Makoma otchinga nyanja, omangidwa ndi ndalama zosaneneka, madzi anawapitirira. Koma ku Kamaishi ana a sukulu pafupifupi 3,000 anapulumuka, cifukwa anali ataphunzitsidwa kuthamangira ku mtunda osadikira munthu. Akuru anagwira ang'ono pa dzanja, nakwera.

Tisati izi nza kutali. Cigwa cathu ciri m'mng'alu waukuru wa Africa; cibvomezi cinagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Madzi a mu Januwale 2015 tiwakumbukira, ndi namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 amene anapha anthu oposa 1,000 kum'mwera. Cuma ca Japan tiribe, ndipo sitinena kuti tingamange monga iwo. Koma cimene cinapulumutsa ana a ku Kamaishi sicinagulidwa ndi ndalama, ndipo mphunzitsi ali yense wa m'mbali mwa Rivirivi angathe kufunsa ana ace kumene adzathawira mtsinje ukadzaza usiku.

Pali kamudzi kena dzina lace Aneyoshi, kamene mafunde anakasesa mu 1896 ndi mu 1933. Otsala anaimika mwala pa citunda, nalembapo cenjezo lakuti adzukulu ao asamange nyumba kunsi kwa mwalawo. Adzukuluwo anamvera, ngakhale kutsikira ku mabwato kunali kutali. Mu 2011 madzi anakwera cigwa conse, naleka pang'ono kunsi kwa mwala uja, ndipo nyumba za mudziwo sanazikhudze.