PHULUSA, SOPO NDI DZUWA: ZA KUTSUKA M'NYUMBA POPANDA NGOZI

M'masitolo a pa boma la Chongwe ndi m'misika ya m'mbali mwa mseu wa Great East Road muli mankhwala a mitundu-mitundu otsukira mbale, zobvala ndi zimbudzi. Mankhwalawa ali ndi nchito yace, koma ambiri a iwo ndi aululu, ndipo pa khomo pamene pali ana ang'ono angathe kudzetsa maliro. Cifukwa cace mai wa nyumba ayenera kudziwa mankhwala amene afunikadi, ndi nchito zimene phulusa, sopo ndi dzuwa zingagwire m'malo mwao.

NGOZI ZITATU

Ngozi yoyamba ndi botolo la zakumwa. Anthu ambiri athira parafini, JIK kapena madzi a kositiki soda m'botolo limene kale munali cakumwa cotsekemera. Mwana wa zaka ziwiri adziwa botolo, sadziwa za m'kati. Kositiki soda aoca m'kamwa ndi kum'mero, ndipo parafini akalowa m'mapapo abweretsa cibayo.

Yaciwiri ndi kusakaniza mankhwala. Ena aganiza kuti mankhwala awiri pamodzi ayeretsa koposa. JIK akasakanizika ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira cimbudzi, aturutsa mpweya wa klorini umene uwawa m'maso ndi kubanikitsa munthu. Mpweyawu ngwolemera kuposa mphepo ya masiku onse, motero ukhala pansi-pansi, pamene mwana apumira.

Yacitatu ndi zigubu za mankhwala a m'munda. Cifikire mbozi za fall armyworm m'Zambia mu 2016, alimi a cimanga apopera mankhwala kawiri-kawiri, ndipo zigubu zotsala ena atungiramo madzi kapena kusungiramo mcere. Ululu sutha m'cigubu ca pulasitiki ngakhale citsukidwe ndi sopo. Mlimi acitsukuluze katatu, madziwo athire m'copopera, kenaka acibowole kuti wina asacitole.

ZOTSUKIRA ZA PAMUDZI

Sukulu ya za ulimi ya Kasisi, imene iri m'boma lomweli, inayamba mu 1974, ndipo kuyambira mu 1990 iphunzitsa alimi kulima popanda mankhwala ogula. Nzeru yomweyi igwiranso nchito kukhicini.

Phulusa la nkhuni liri ndi mphamvu yomwe ija imene ifewetsa therere pamene mai athira cidulo. Mphamvuyi ikakumana ndi mafuta a m'poto iwasandutsa ngati sopo, ndipo mafutawo acoka ndi madzi. Mai asefe phulusa lozizira, alisunge m'citini cobvundikira, ndipo pokweca alinyowetse pang'ono. Mwaye wa kunja kwa poto ucoka msanga phulusa likasakanizidwa ndi mcenga wosalala. Koma phulusa la pamoto pamene anaocapo mapulasitiki kapena mabatire lisagwiritsidwe nchito. Ndiponso madzi a phulusa asagonere m'poto wa aluminiyamu, pakuti adya citsulo ndi kucidetsa.

Kumbali ya cimbudzi, dzanja limodzi la phulusa lothiridwa m'dzenje tsiku ndi tsiku liumitsa zonyansa, licepetsa fungo ndi nchenche. Pamene sopo watha, phulusa lithandizanso posamba m'manja, ngakhale sopo ndiye woposa.

Ndimu ndi mcere zicotsa dzimbiri pa mpeni ndi fungo la nsomba pa thabwa lodulirapo. Soda wophikira, supuni imodzi m'madzi ofunda, afewetsa zopserera za pansi pa poto akagoneramo. Viniga asungunula zoyera zimene madzi a pa mjigo asiya m'ketulo. Soda ndi viniga zisathiridwe pamodzi: zicita thobvu lokondweretsa maso, koma cina cipha mphamvu ya cinzace.

Sopo wa mtanda ndi madzi otentha zikwanira pa nchito zambiri za m'nyumba. Mbale zikatsukidwa ziikidwe pa thandala padzuwa, cifukwa tizirombo tambiri ta matenda tifa pa mbale youma. Nsanza yonyowa yopukutira ingobwezera dothi pa mbale yoyera.

Palinso phindu la madzi. Cilala ca 2024 cinaphunzitsa anthu a ku Chongwe kuti ndowa iri yonse njamtengo. Madzi otsukira mbale okhala ndi sopo wamba ndi phulusa angathiridwe pa nthoci kapena pa mtengo wa mapapaya. Madzi a JIK aononga mbeu, ndipo sayenera kutayidwa pafupi ndi citsime kapena mumtsinje wa Chongwe, m'mene ng'ombe zimwa ndi anthu atunga.

PAMENE KLORINI AFUNIKA

Munthu asanyengedwe kuti phulusa ndi ndimu zitha zonse. Kolera amene anabuka mu Lusaka mu October 2023 anagwira anthu opitirira 20,000 m'dziko lonse ndi kupha opitirira 700. Bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mu January 2024. Pa matenda otere klorini ndiye cida.

Madzi akumwa awiritsidwe, kapena athiridwe Clorin monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo adikire mphindi 30 asanamwedwe. Pakhomo pakakhala wodwala m'mimba, JIK wa 3.5 peresenti asungunulidwe, kapu imodzi ku makapu 16 a madzi ozizira, kutsukira pansi, citseko ndi pakamwa pa cimbudzi. Malowo ayambe atsukidwa ndi sopo, cifukwa dothi lipha mphamvu ya klorini. Madzi osungunulawa apangidwe atsopano tsiku liri lonse, ndipo mazenera akhale otsegula.

MALAMULO A PAKHOMO

1. Mankhwala ali onse akhale m'botolo lace lomwe anagulira, pamwamba kapena m'bokosi lokhoma.

2. Mankhwala a m'munda asasungidwe m'cipinda cogona, kukhicini kapena pafupi ndi ufa.

3. Wosadziwa kuwerenga zolembedwa pa botolo afunse mwana wa sukulu kapena mlangizi wa zaumoyo. Safunsa anadya phula.

4. Mwana akamwa parafini, JIK kapena kositiki soda, asamsanzitse, pakuti mankhwalawo aocanso pobwerera ndipo angalowe m'mapapo. Asampatse mafuta kapena mankhwala a zitsamba. Amtengere msanga ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala ca Chongwe, pamodzi ndi botololo kuti a cipatala aone cimene wamwa.

5. Mankhwala akagwera m'maso kapena pakhungu, patsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo zobvala zonyowa zibvulidwe.

Banja limene litsata njira izi ligula mankhwala ocepa, ndalama yotsala nkugulira sopo ndi Clorin. Nkofunika kuti amai akambirane zimenezi pa misonkhano yao ya makalabu mvula isanagwe, pakuti nyengo ya dzinja ndiyo nyengo ya kupopera minda ndi ya matenda a m'mimba. Bambo ali yense ayang'ane lero lomwe pansi pa bedi ndi kuseri kwa citseko, acotse botolo liri lonse limene mwana wokwawa angalifikire.