Pa doko la Kachulu, dziwani polekezera

Ana anga amene mwayamba geni ya nsomba, tcherani khutu. Bwato likamakocheza pa Kachulu kuchokera ku Chisi, ogula amachuluka kuposa ndowa za matemba. Uyu atchula mtengo, uyo awonjezera, mtima uyamba kuthamanga. Mpamba wa anthu ambiri umathera pomwepo, nsomba zisanafike n'komwe pamsika.

Mtengo wanu womaliza muudziwe bwato lisanafike. Yambani ndi funso ili: ku Zomba kapena ku Limbe ndowayi ndikagulitsa zingati? Pamenepo chotsani ya galimoto, ya chiphaso cha mumsika, ya nkhuni ngati mukuwamba milamba, ndi ya nsomba zimene zidzanyenyeke panjira. Chotsaninso phindu lanu. Yotsalayo ndiye malire, ndipo wina akadumpha malirewo, musiyireni.

Muziyang'ananso amene akhala chete. Mayi amene wakalambira pa geniyi akabweza ndalama m'chitenje pamene mtengo udakali wotsika, waonapo kanthu. Mwina makumba agona m'bwato ndipo mimba zafewa. Mwina mitambo yakuta phiri la Zomba, ndiye matemba sauma lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali msampha wina: kukweza mtengo dala kuti mnzanu agule modula. Tsiku lina adzakhala chete mwadzidzidzi, ndowa n'kugwera inu pa mtengo umene simunaufune. Ngati mwasonkherana mpamba ndi mnzanu, gwirizanani malire kunyumba, chifukwa pagulu mukhoza kumakwezerana nokhanokha osadziwa.

Ndikulankhula chonchi chifukwa nyanja yathu siilonjeza za mawa. Chilwa ndi wosaya, alibe mtsinje wotuluka, ndipo mvula ikavuta amaphwa. Anauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pamatope. Ngakhale chaka chabwino, kuyambira Disembala makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Miyezi imeneyo amapulumuka ndi amene anasunga mpamba. Wogula ndi mtima wofuna kupambana anzake amathamangira katapila, kapena kulephera kubweza ngongole ya banki m'khonde.

Kubwerera kunyumba ndi dengu lopanda kanthu si manyazi ngati ndalama zili m'thumba. Anzanu akuombereni m'manja kapena akusekeni, ana anu sadya zimenezo. Werengani kaye, tchulani mtengo wanu modekha, ndipo ukapyola malire, lolani ndowa ipite.