Kupirira Kutopa ndi Kusinthasintha kwa Malingaliro kwa Odwala MS

1. Kodi nchifukwa ninji wodwala MS kaŵirikaŵiri samvetsetsedwa?

TALINGALIRANI za mkazi wa ku Malaŵi wokhala ku Ivory Park, pafupi ndi Tembisa, kumpoto kwa Johannesburg. Iye amalaŵira mbandakucha kukaima pamzera wa matakisi opita ku Midrand, kumene amagwira ntchito ya m'nyumba. Pofika masana miyendo yake imalemera kwambiri, ndipo madzulo amangolira. Anansi amanong'onezana kuti ngwaulesi, pamene achibale kumudzi akuganizira za ufiti. Komabe, madokotala apeza kuti ali ndi nthenda yotchedwa multiple sclerosis, kapena MS mwachidule. Kodi iye angapirire motani?

Nthenda Yosaoneka ndi Maso

2. Kodi MS imachitanji m'thupi, ndipo imagwira ayani?

2 Nthendayi inalongosoledwa bwino ndi dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, mu 1868. Chitetezo cha thupi chimaukira chikuto cha minyewa ya mu ubongo ndi mumsana, kotero kuti mauthenga amayenda mochedwa, monga magetsi m'waya wosupuka. Mu 2020 kunaŵerengeredwa kuti anthu 2.8 miliyoni padziko lonse anali nayo, ambiri a iwo akazi. M'ma 1960, kufufuza kwa Geoffrey Dean kunachititsa ambiri kulingalira kuti anthu akuda a ku South Africa saidwala. Koma madokotala a m'dzikolo pambuyo pake anaipeza pakati pawo, ngakhale kuti siili yofala.

Kugwiritsira Ntchito Nyonga Mwanzeru

3, 4. (a) Kodi kutentha kumamyambukira motani wodwalayo? (b) Kodi nchiyani chimene chingachepetse kutopa?

3 Odwala ochuluka amanena kuti kutopa ndiko vuto lawo lalikulu koposa. Sikuli kutopa kwa munthu wochokera kumunda, pakuti kumafika ngakhale pambuyo pa tulo tabwino. Mu 1890, Wilhelm Uhthoff anaona kuti odwala ena sankaona bwino atagwiritsa ntchito thupi mwamphamvu, ndipo tsopano kukudziŵika kuti chochititsa ndicho kutentha kwa thupi. Ha, nyumba ya malata imatentha chotani nanga mu December! Chotero nkwanzeru kumwa madzi ozizira, kuika nsalu yonyoŵa pakhosi, ndi kuphika dzuŵa lisanakwere.

4 Ndiponso, ŵerengerani nyonga yanu monga mmene mumaŵerengera ndalama za mwezi. Chitani ntchito zolemetsa mmaŵa, chapani muli chikhalire, ndipo pumani musanatheretu mphamvu. Kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku kumachepetsa kutopa mmalo mwa kukuwonjezera. Pemphaninso a kukiliniki kuti apime ngati muli ndi magazi ochepa kapena matenda a m'chikhodzodzo, popeza zimenezi zimakulitsa vutolo ndipo zimachiritsika.

Pamene Mtima Wasweka

5. Kodi nchifukwa ninji wodwalayo sayenera kudziimba mlandu?

5 Pafupifupi theka la odwala MS amachita tondovi panthaŵi ina m'moyo wawo. Zochititsa zake ndizo nkhaŵa ya lendi ndi ya ana osiyidwa kumudzi, zipsera za mu ubongo, ndipo nthaŵi zina mankhwala enieniwo. Ena amaseka kapena kulira mosalamulirika popanda chosangalatsa kapena chomvetsa chisoni. Zimenezi siziri misala kapena kufooka kwa khalidwe. Uzani dokotala mosabisa, pakuti mankhwala ndi uphungu zimathandiza. Gulu la South African Depression and Anxiety Group linatsegula malo a uphungu waulere mu Ivory Park mwenimwenimo. Ngati malingaliro a kudzipha akufikirani, funani thandizo tsiku lomwelo.

6. Kodi achibale ndi mabwenzi angathandize motani?

6 Bwanji nanga za ife achibale ndi mabwenzi? Peŵani kunena kuti, 'Komatu mukuoneka bwino!' Mmalo mwake, mkhulupirireni, mtungireni madzi, ndipo mperekezeni kuchipatala. Zoonadi, MS ilibe mankhwala oichiritsiratu, koma alipo ochepetsa kuukira kwake, ndipo mu 2023 World Health Organization inaika atatu a iwo pampambo wake wa mankhwala ofunika koposa. Mothandizidwa ndi anthu omvetsetsa, wodwalayo angapitirizebe kukhala ndi moyo watanthauzo.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi kutopa kwa MS kumasiyana motani ndi ulesi?

□ Kodi nchifukwa ninji kutentha kuyenera kupeŵedwa?

□ Kodi mungamthandize motani wochita tondovi?