KUSINTHA KWA NYENGO NDI UMOYO WA ANTHU KWA NCHEMA

Alimi a m'dera la Mfumu Nchema, m'boma la Chiradzulu, aona kuti mvula siikubweranso monga kale. Chaka china imachedwa, chaka china imagwa yoononga. Kumeneku ndiko kusintha kwa nyengo, ndipo gwero lake ndi ntchito za anthu.

Anthu akamatentha malasha, petulo ndi dizilo, makamaka m'maiko a mafakitale ambiri, mumatuluka mpweya wa carbon dioxide. Mpweyawu umasunga kutentha kwa dzuŵa mumlengalenga monga bulangete. Mphepo yotentha imanyamula chinyontho chochuluka, motero namondwe akafika amagwetsa mvula yoopsa. Kuno kwathu vutoli limakula chifukwa mapiri atha mitengo ndi nkhuni ndi makala, ndipo madzi amatsetsereka popanda chowatchinga.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malaŵi. M'boma lomweli, mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Likoswe unakokoloka ndi matope. Izi zinachitika pamene dziko linali kulimbana ndi kolera amene anayamba mu 2022 napha anthu oposa 1,700. Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi ndi kuthira zonyansa m'zitsime, ndipo matenda otsekula m'mimba amafala msanga.

Nchifukwa chake maiko akutembenukira ku mphamvu zosatha, monga dzuŵa ndi mphepo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, zinaoneka kuti kudalira mtsinje wa Shire wokha nkoopsa. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuŵa a mamegawati 60, amene anatsegulidwa mu 2021.

Banja lililonse likhoza kuchitapo izi:

1. Kuphikira pa mbaula ya dothi ya Chitetezo m'malo mwa mafuwa. Imadya nkhuni zochepa, ndipo utsi umene umabweretsa chifuwa ndi chibayo kwa ana umachepa.

2. Kuunikira ndi nyali ya dzuŵa m'malo mwa koloboyi.

3. Kubzala mitengo m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, ndi kuisamala mpaka itakula.

4. Kukumba chimbudzi pamalo okwera, kutali ndi chitsime, ndi kuthira klorini m'madzi akumwa kapena kuwaphitsa.

Mbaula imodzi singaletse namondwe, koma imachepetsa utsi umene mwana amapuma lero lomwe, ndipo mtengo wosadulidwa umagwira nthaka mvula ikadza. Ofuna malangizo ena aonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo. Kupeŵa kumaposa kuchiza.