Kutsata Msika Kapena Kuudikira Pamene Udzatembenukire

Pa msika wa masheya pali amalonda a mitundu iwiri. Oyamba amayang'ana kumene mitengo yalunjika, nautsata msikawo: amagula pamene mitengo ili kukwera, nagulitsa ikayamba kutsika. Achiwiri amayesa kulosera tsiku limene msika udzatembenuka, kuti agulitse pamwamba penipeni ndi kugula pansi penipeni. Ine ndifuna kuti tiyese njira ziwirizi ndi zimene zinachitika ku America.

Mu December 1996 Bambo Alan Greenspan, amene anali mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, anachenjeza kuti mwina anthu atengeka mtima mopitirira muyeso pogula masheya. Nthawi imeneyo chiwerengero cha Nasdaq, msika wa makampani ambiri a makompyuta ndi intaneti, chinali pafupi ndi 1,300. Kodi msika unagwa? Iyayi. Unakwerabe zaka zitatu, kufikira pa 10 March 2000 pamene unafika 5,048. Munthu amene anagulitsa pakumva chenjezo lija anaona mitengo ikukula pafupifupi kanayi iye ali kunja.

Julian Robertson, mwini wa Tiger Management, anakana kugula masheya a intaneti pakuti anaona kuti mitengo yake inalibe maziko. Maganizo ake anali olondola, koma eni ndalama anatopa ndi kudikira nazichotsa ndalama zawo, ndipo iye anatseka thumba lake mu March 2000, mwezi womwewo umene msika unatembenuka. Apa tiphunzira kuti kudziwa kuti mvula idzagwa ndi kwina, kudziwa tsiku lake ndi kwinanso. Wolosera ayenera kulasa kawiri, potuluka ndi polowanso.

Tsono musayese kuti otsata msika onse anapulumuka. Pofika October 2002 Nasdaq inali itatsika mpaka 1,114, ndiko kugwa ndi 78 pa 100 alionse. Tawerengani nokha: amene anali ndi madola 100 anatsala ndi 22, ndipo kuti abwerere pakale ndalama yakeyo inayenera kuchuluka koposa kanayi. Msikawo sunafikenso pa 5,048 mpaka April 2015. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chifukwa chake wotsata msika wanzeru amalemberatu lamulo lotulukira asanagule. Lamulo lodziwika ndi ili: aphatikiza mitengo ya masiku 200 apitawo, nagawa ndi 200. Mtengo wa lero ukakhala pamwamba pa yankholo, asunga masheya ake. Ukatsikira pansi pake, agulitsa osakangana nawo msika.

Lamuloli lili ndi mtengo wake. Woligwiritsa sagulitsa pamwamba penipeni, pakuti chizindikiro chimafika kugwa kutayamba kale. Ndiponso msika ukamangoyendayenda osalunjika kwina kulikonse, iye amagula ndi kugulitsa kawirikawiri, nataya pang'onopang'ono, kuwonjeza ndi malipiro a wom'gulira masheya.

Nanga njira yabwino ndi iti? Kwa ine, wotsata msika amene ali ndi lamulo lotulukira ali pabwino koposa wolosera, chifukwa akalakwa amadziwa msanga ndipo chotayika chimakhala chochepa, pamene wolosera akhoza kulimbana ndi msika zaka zambiri mpaka thumba litauma. Koma onse awiri asachite malondawa ndi ndalama ya ngongole kapena ya fizi, pakuti wangongole sangathe kudikira.

Ife ophunzira tilibe masheya lero, koma ena mwa ife tidzasunga ndalama za anthu m'mabanki ndi m'mathumba a penshoni. Tiyeni tizolowere tsopano kuwerengera chotayika tisanawerengere phindu.