Mafunso ndi mayankho: maphunziro a uinjiniya wa magetsi

Tiyambe ndi mtsikana wa Fomu 4 wa ku Mponela. Akufunsa kuti uinjiniya wa magetsi amaphunzitsa kuti, ndipo ndi zaka zingati. Mwana wanga, ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, ija tinkati Poly ija, ndi zaka 5. Koma limbikira Masamu ndi Physics pa MSCE. Masamu ukamawazemba panopa, kumeneko akakupeza chaka choyamba chomwe. Zoti ndi kosi ya anyamatazo, asiyire okuuzawo.

Bambo ena a ku Luchenza akuti mwana wasankhidwa koma fizi palibe. Bambo, a Loans Board opereka ngongole kwa ophunzira aja alipo. Mwanayo alembetse msanga, asadikire tsiku lotseka.

Tsopano iyi ndiye yandikhalitsa pansi. Mayi a ku Chilinde alemba kuti: "Mwana wanga ali chaka chachiwiri cha uinjiniya. Ndamanga nyumba. Kodi angandiikire mawaya pa holide kuti ndisalipire mmisiri?"

Mayi, ayi. Chaka chachiwiri mwana amakhala akulimbana ndi masamu, lamulo la Ohm ndi maseketi a papepala. Akalowa mu labu, katswiri amakhala ali pambali pake. M'nyumba mwanumo mudzalowa mavoti 230, ndipo magetsi oimitsa mtima wa munthu ndi ochepa kuposa amene babu lakale lija la mawati 60 limakoka. Komanso woika mawaya m'nyumba amayenera kukhala ndi chiphaso cha MERA. Kaundula wa kukoleji si chiphaso.

Inetu zinandionekera. Ndili mwana wa sukulu, azakhali anandinyengerera: "Iwe si injiniya?" Mutu unakula. Ndinakokera soketi ya kuka ndi kawaya kowonda koyenera mababu. Patatha masiku ochepa nyemba zili pamoto, fungo la pulasitiki linadzaza nyumba. Mwayi wake azakhaliwo anali pafupi, anathimitsa meni switchi. Mpaka lero pamaliro kapena paukwati amandikumbutsa.

Vuto lathu timasokoneza injiniya ndi mmisiri. Onse ndi ofunika, koma ntchito n'zosiyana. Mwana wanuyo akumukonzekeretsa kuwerengera mathiransifoma, mizere ikuluikulu ya ESCOM, ndi makina a EGENCO a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamtsinje wa Shire. Mukukumbuka mdima uja namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022? Ntchito zotero ndizo zikumudikira.

Ndipo inu ophunzira, ndikudziwa mukumvetsera m'mahositelo. Zolowetsa mawaya osenda m'soketi n'kutsekera ndi kamtengo ka machesi pofuna kuphika, lekani. Mukafuna luso la manja, pa holide kapempheni kwa mmisiri wachiphaso muzimunyamulira makwerero, muone mmene amakhomera waya wa efi pansi.

Mayi a ku Chilinde, itanani mmisiri, muone kaye chiphaso chake, mwanayo akhale wothandizira.