Malangizo: Buloko ya Injini Ikang'aluka

Kwa amakaniko ndi eni minibasi: Mukamasula injini, musathamangire kugula mapistoni. Yambani mwatsuka buloko mpaka iyere, chifukwa mng'alu umabisala m'girizi. Yang'anitsitsani pakati pa masilinda ndi m'mabowo a mabawuti.

Masilinda ongodyeka si nkhani: amawakuza kumakina n'kuikamo mapistoni okulirapo ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50. Chovuta ndi buloko ya cast iron yong'aluka. Imafuna kuitenthetsa kaye musanawotcherere, kenako izizire pang'onopang'ono. Wowotcherera mageti musamupatse bulokoyo, idzang'alukanso. Mng'alu ukafika pamene pamagona kirankishafuti, musataye ndalama, funani buloko ina.

Inunso madalaivala, injini ikawira musaithire madzi ozizira nthawi yomweyo, buloko ingang'aluke. Zimitsani, dikirani izizire kaye.